Dokotala wa Pansi

Pachipatala chonse ankawadziwa ndi dzina loti Dokotala wa Pansi. Dzinali linayamba ngati nthabwala ya madokotala anzawo, koma linakakamira mpaka alonda a pageti ankalondolera nalo anthu: "Mukufuna kwa Dokotala wa Pansi? Tsatani khondeli mpaka lithe. Mukamva phokoso, mwafika." Ankatchedwa choncho chifukwa odwala awo sankawaonera patebulo. Ankavula nsapato, n'kukhala pamkeka miyendo tambalale, n'kumadikira kuti mwana awayandikire yekha.

Anali mayi wamfupi, wojintcha pang'ono, wa mawu otsika. Chipinda chawo chinali chomalizira, moyandikana ndi kochapira zovala, ndipo kale munkasungidwa mabedi othyoka. Munali zenera limodzi losatsekeka bwino, sikelo, kabati yachitsulo, mkeka ndi dengu la zidole. Zidole zake zinali zitsekerero za mabotolo, kagalimoto kopanda zitseko, mpira wophwa, ndi kamwana kapulasitiki ka mkono umodzi. Kukhoma anakhomako matiresi akale, chifukwa ana ena akakwiya ankamenyetsa mutu.

Ntchitoyi sanaisankhe. Atangomaliza maphunziro anaikidwa kuwodi ya ana, kumene mwana amabwera ali wefuwefu, umubaya jakisoni, pakapita masiku ukumuona akuthamangitsana ndi anzake pakhonde. Kumeneko ankakondwako. Koma kunkabweranso ana ena amene palibe ankadziwa chochita nawo: mwana wamkulu ndithu koma wosalankhula, wina wosakhazikika moti sukulu yamubweza, wina amene khunyu linamusiya khosi lili lendelende. Thupi silinkatentha, magazi anali bwinobwino, ndiye makolo ankangouzidwa kuti apite, mwana adzakula. Mkulu wa chipatala atatopa ndi madandaulo, anayang'ana pagulu la madokotala ake n'kuloza amene sankadziwa kukana.

"Inu ndinu woleza mtima," anatero mkuluyo. "Mungogwirizira miyezi ingapo, tipeza wina."

Winayo sanapezeke. Mkuluyo anapuma pantchito, anabwera mnzake, nayenso anapita, Dokotala wa Pansi ali pamkeka pomwepo. Anawatumizako kukaphunzira za ubongo wa ana, ndipo anabwerako ndi mabuku ndi mayina ataliatali a matenda. Koma zambiri anaziphunzira kwa anawo ndi amayi awo.

Panthawi ya tiyi, dokotala wa maopaleshoni ankakonda kuwanyogodola. "Kwanu kuja wachirako ndani chaka chino?"

Iwo ankangoseka nawo, poti funsolo silinali labodza. Odwala awo sankachira, ankangokula. Chimene kwa iwo chinali chikondwerero, kwa ena sichinali nkhani: mwana wayang'ana mayi ake m'maso, wagwira supuni yekha, waloza kuchimbudzi asanadziwonongere. Zoterezi ungakanene pamsonkhano wa madokotala? Ankangouzana ndi Sisitala, namwino wamtali wa pakamwa posatseka amene anagwira nawo ntchito zaka zonsezo. Sisitala ndi amene ankaletsa ndewu pabenchi, kutonthoza amayi, ndi kukalipira abambo obwera kamodzi pachaka n'kumafunsa chifukwa chimene mwana sakusinthira.

"Adokotala," ankatero Sisitala akawaona akudzuka mogwira khoma, "mawondo amenewo si a boma. Mudzawafuna."

Mwa ana onse, amene anakhala nawo nthawi yaitali anali mnyamata amene Sisitala anamupatsa dzina loti Mawilo. Anabwera ali wamng'ono, atamangidwa kumsana kwa mayi ake ngakhale miyendo inkafika m'mawondo mwawo. Atamutsitsa sanayang'ane munthu. Analunjika padengu, n'kutenga kagalimoto kaja, kukagadabuza, n'kuyamba kuzunguza mawilo ake ndi chala, nkhope ili pafupi ngati akumvetsera. Makina ochapira atalira kuseri kwa khoma, anatseka makutu n'kukuwa mpaka mitsempha ya m'khosi inaoneka.

Mayi ake anali telala. Bambo a mwanayo anali atachoka kale, atanena kuti kwawo kulibe zoterezi. Mayiyo anali atayenda naye kulikonse kumene anthu anamulozera, ndipo anafika ali wouma, wosalira, wosaseka.

Adokotala anamuonerera mwanayo nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi, mwanayu palibe amene anamuchita chipongwe, ndipo inu simunalakwe chilichonse. Ubongo wake umamva zinthu mosiyana ndi ife. Dzina lake amati otizimu."

"Mankhwala ake alipo?"

"Oti achire, palibe. Koma zoti timuphunzitse zilipo zambiri."

Mayiyo anayang'ana mkeka, anayang'ana dengu la zitsekerero, n'kuyang'ananso adokotala opanda nsapatowo. "Ndiye ndavutikiranji kubwera kuno?" Anabereka mwana wake n'kutuluka.

Mwezi wotsatira anabweranso, ndipo sanaleke. Zaka zinapita akuphunzitsa Mawilo kukhala pampando, kuvala malaya, kudikira. Tsiku lina analuma adokotala pamkono mpaka anakasokedwa, ndipo dokotala wa maopaleshoni uja ndi amene anawasoka, akuseka. Mawu oyamba a Mawilo anabwera anzake ali kale kusukulu. Sisitala anasiya chitseko chotsegula makina akulira, ndipo mnyamatayo, osadzutsa mutu, anati, "Tseka!"

 Sisitala anatsegula pakamwa kuti akuwe, adokotala n'kuwagwira diresi. "Tsekani chitsekocho kaye, Sisitala. Munthu wapempha." Mayi a Mawilo anatembenukira kuzenera, mapewa akugwedezeka. Kanali koyamba adokotala kuwaona akulira.

Koma mwana sakhala mwana. Mawilo anakula, anamera ndevu, mawu anakhuthala, ndipo pobwera ankawerama pachitseko. Mkulu watsopano wa chipatala anawaitana adokotala n'kuwauza kuti chipinda chija n'cha ana, bambo wandevuyo azipita kwa akuluakulu. Kwa akuluakuluko adokotala ankakudziwa: ankangopereka mapiritsi ogonetsa. Ndiye anayamba kumuonera panthawi ya nkhomaliro, chakudya chawo chikuzizira m'kabati. Anamupezera malo kwa wokonza njinga wina, kumene ankazunguza mawilo n'kuloza opindika, ndipo diso lake silinkaphonya. Zinayenda mpaka tsiku limene lole inaliza hutala pafupi, iye n'kuthamangira pakati pa msewu. Wokonza njingayo anabwera naye yekha, akupepesa, n'kunena kuti sangakwanitse kumuyang'anira.

Tsiku limenelo mayi a Mawilo, amene maso anali atayamba kuchita khungu moti ulusi sankathanso kuulowetsa pasingano, anafunsa funso limene adokotala ankaliopa kuposa onse.

"Adokotala, ine ndikadzapita, uyu adzatsala ndi ndani?"

Funsoli anali atalimva kwa amayi ambirimbiri, ndipo mabuku onse aja analibe yankho lake. Anawagwira dzanja n'kuyamba kutchula achibale mmodzimmodzi. Pamapeto pake Mawilo ndi mayi ake anasamukira kwa mlongo wa mayiyo kutali, ndipo foni imene anasiya inaleka kugwira. Adokotala sanamvenso za iwo. Ambiri ankatha choncho: tsiku lina sanabwere, basi.

Kunyumba adokotala ankafika mawu atawathera. Amuna awo, mphunzitsi wa kusekondale wokonda wailesi ndi nthabwala zouma, ankawalandira chikwama n'kunena kuti, "Musayankhule, ndamva." Koma mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana, sankaziona choncho. Ankabwera ndi nkhani za kusukulu, amayi ake n'kumavomera ndi mutu maso ali gwa pakhoma. Tsiku lina, ali ndi zaka za kupulayimale, anaima pakati pa balaza manja m'chiuno.

"Amayi, kapena nane ndiziluma anthu kuti muzindimvera?"

Bambo ake anaseka mpaka kutsokomola. Adokotala anasekanso, koma mawuwo anawalowa. Anayesetsa kusintha, ndipo masiku ena zinkatheka. Kungoti mapanga awiri avumbwitsa. Mtsikanayo anakula wanzeru, waukhondo, wosadalira munthu, ndipo ankalankhula ndi amayi ake mwaulemu ngati mlendo.

Kutopa kwa adokotala sikunabwere tsiku limodzi. Kunayamba ndi mawondo, kenako msana, kenako china chake m'kati. Anayamba kudzipeza akuuza mayi watsopano mawu omwe aja, ndi kapumidwe komwe kaja, ngati wailesi. Benchi inkadzaza kuposa kale chifukwa mbiri inali itafala, koma chipinda chinali chomwecho, dengu lomwelo. Panabwera dokotala wachitsikana amene anamuphunzitsa ndi mtima wonse, ndipo anali ndi dzanja labwino pa ana. Adokotala anayamba kuganiza kuti mwina tsopano apumako. Patangotha zaka ziwiri, mtsikanayo analowa akuyang'ana pansi n'kunena kuti bungwe lina lamuitana, kuli ofesi ndi galimoto.

"Pita, mwanawe," anatero adokotala. "Ukanakhala wanga ndikanakuuza zomwezo."

Atatuluka, Sisitala anatukwana bungwelo ndi makolo ake omwe. Adokotala anangoti, "Itanani wotsatira."

Tsiku lopuma pantchito kunali tiyi, keke ndi zolankhula. Mkulu wa chipatala anawatamanda, ngakhale anasokoneza dzina la chipinda chawo. Mphatso imene anawapatsa inali mpando wofewa wotsamira. Sisitala anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Zaka zonsezi munthu ali pansi, mpando mukumupatsa lero!" Chipindacho chinatsala chikutsegulidwa tsiku limodzi pamlungu, ndi dokotala aliyense amene wapezeka.

Miyezi yoyamba anagona ngati munthu wodwala. Ankadzuka dzuwa litakwera, kuthirira maluwa, n'kukhala pampando wawo uja amuna awo akuwawerengera nyuzipepala. Anayamba kunenepa, ndipo anthu ankati ayera.

Mwana wawo uja anali atakwatiwa, akugwira ntchito kukampani ya mafoni, ndipo anali ndi mwana wamwamuna. Agogo aamuna anamupatsa dzina loti Bwanamkubwa chifukwa sankayankha munthu. Lamlungu lililonse ankabwera kudzacheza. Kanali kamwana kokongola, ka masaya onenepa, kosavuta: ukakasiya pakona, kakhala pomwepo.

Adokotala anayesetsa kusaona. Anaona kuti akamuitana satembenuka, koma paketi ya mabisiketi ikangoti khwaa kukhitchini wamva. Anadziuza kuti ana amatero. Anaona akuyenda chonyang'ama ndi zala za kumapazi. Anaona akundandalika nsapato za m'nyumba monse pamzere, ndipo bambo ake atasuntha imodzi analira ngati wapsa. Kenako Lamlungu lina mdzukuluyo anawagwira dzanja, n'kuwakokera kuchitseko, n'kuika dzanja lawolo pachogwirira, osawayang'ana kumaso ngakhale pang'ono. Anagwira dzanjalo ngati mmene munthu amagwirira kiyi. 

Alendo atapita, amuna awo anatsitsa wailesi. "Mwaonapo kanthu."

"Ndinapuma pantchito ine."

"Maso anu sanapume. Ndakhala nanu zaka zambiri, mayi. Nkhope imeneyo munkabwera nayo kuchokera kuchipatala."

Anazengereza milungu ingapo. Iwo amene anauza makolo osawerengeka nkhani yomweyi, anasowa poyambira. Koma ankadziwanso kuti mwezi uliwonse wotayika ndi wamtengo. Lamlungu lina masana, akutsuka mbale ndi mwana wawo, anayamba.

"Mwanangu, Bwanamkubwa uja, kodi akamafuna chinthu amaloza?"

Mwanayo anasiya kupukuta. "Mukufuna kunena chiyani?"

"Ndikanakonda akaonedwe. Osati ndi ine. Ndi wina."

"Ana aamuna amachedwa kulankhula. Bambo akenso anachedwa, apongozi anandiuza."

"N'zoona, ena amachedwa. Koma pali zina zimene ndaona."

Mwanayo anaika mbale pansi mwamphamvu. "Amayi, moyo wanu wonse mwakhala mukuona ana odwala, ndiye aliyense mukumuona wodwala. Uyu si wa pabenchi panu. Ine ndili mwana simunandionepo, lero mwaona wanga?"

Adokotala anangoima manja ali m'madzi. Mawu onse amene ankatonthoza nawo amayi okwiya analipo pakamwa, koma anadziwa kuti akangotulutsa amodzi, mwana wawo amva dokotala, osati mayi. Anamva chitseko cha galimoto chikumenyetsedwa, mkamwini akufunsa kuti chachitika n'chiyani, ndi mdzukulu akulira chifukwa amuchotsa pa nsapato zake.

Malamlungu anadutsa opanda alendo. Mkamwini ankaimba foni mwaulemu, kunena kuti atanganidwa. Amuna awo anayesa nthabwala, sizinagwire. Adokotala anasiya kuthirira maluwa. Nthawi zina ankaganiza kuti mwina analakwitsa, ndipo ankapemphera kuti zikhale choncho, asekedwe pamaso pa banja lonse. Sisitala, amene nayenso anali atapuma, anabwera kudzawaona, ndipo atamva nkhaniyo sanatukwane aliyense. Anangoti, "Chaona mnzako chapita, adokotala. Tinkawauza anzathu, lero ndi ife." 

Mvula itayamba, m'mawa wina wa pakati pa mlungu, galimoto inaima pageti. Palibe anatsika. Adokotala anaiona pazenera ndipo anawaletsa amuna awo kutuluka. Patapita nthawi chitseko chinatseguka, mwana wawo analowa atanyamula Bwanamkubwa, atavala zakuntchito koma tsitsi losapesa, maso ofiira. Kusukulu ya mkaka anali atamubweza mwanayo chifukwa analuma mnzake. Anali atapita naye kwa dokotala wina kuchipatala cholipira, ndipo dokotalayo anatchula dzina lija la otizimu.

"Musanene kuti munandiuza," anatero.

"Sindinena."

"Anandipatsa mapepala oti ndiwerenge. Ndawerenga mpaka mutu kuwawa. Bambo ake akuti dokotalayo ndi wabodza, tipite kwina." Anakhala pamkono wa sofa. "Amayi, ndiye titani?"

Adokotala anamuyang'ana. Anaona mapewa ogwa amene anawaona pa amayi ambiri, koma awa anali a kamtsikana kamene kanaima pabalaza pomwepa manja m'chiuno.

"Unagona liti tulo tenitweni?"

"Sindikukumbuka."

"Choyamba ukagone. Chipinda chako chija n'choyala. Mwanayu umusiye ndi ife. Zina tikambirana ukadzuka."

Anakana pang'ono, kenako anavula nsapato n'kupita. Anagona mpaka madzulo.

Kuyambira pamenepo Bwanamkubwa ankabwera m'mawa uliwonse mayi ake popita kuntchito. Mawondo a adokotala sankalolanso kugwada, ndiye amene ankasewera naye pakapeti anali agogo aamuna, adokotala akulamula ali pampando.

"Musamupatse msanga. Dikirani akuyang'aneni."

"Ine ndinaphunzitsa ana a sekondale, mayi."

"Ameneyu si wa sekondale. Dikirani."

Anakweza loko wa geti kuti mwana asamufikire, anabisa machesi ndi mankhwala, magalasi a pakabati anawachotsa. Mkamwini anatenga nthawi kuti avomereze. Poyamba ankangomutsitsa mwana pageti injini ikulira. Kenako anayamba kulowa, kuima pakhomo n'kumaonerera, ndipo tsiku lina anafunsa apongozi ake mmene angamusambitsire popanda nkhondo. Mwanayo anaphunzira kuloza. Anaphunzira kubweretsa kapu akafuna madzi. Mawu sanabwere, ndipo adokotala sanalonjeze aliyense kuti adzabwera.

Mwana wawo sanapepese, ndipo iwo sanayembekezere. Kungoti anayamba kukhalitsa akabwera kudzatenga mwana. Ankakhala kukhitchini n'kumadandaula za abwana ake, za mitengo ya zinthu, za apongozi amene ankati mwana akungolekereredwa. Adokotala ankamvetsera, ngakhale nthawi zina tulo tinkawaba nkhani ili pakati.

Madzulo ena mwana wawoyo anafika n'kupeza bambo ake ali ndwii pakhonde, wailesi ili pamiyendo, mlongoti wake utathyoka.

"Lero zayenda bwanji?"

"Funsa bwana wakoyo," anatero bambo ake. "Wailesi imeneyi ndi yakale kuposa iwe."

Adokotala anatuluka akukoka mwendo, mdzukulu ali patsogolo ndi supuni m'manja. "Wadya bwino, koma sanagone. Masana anakwiya chifukwa a zinyalala anabwera ndi lole yawo. Pena pake zayenda."

"Inuyo mwadya?"

"Ndidya." Anatsamira chitseko n'kupuma mozama. "Mawa ubweretse mabuluku awiri apadera, lerolo anatithera. Ndipo ukadutsa kufamase undigulireko mapiritsi a msana aja, atsala pang'ono."

Mwanayo anavomera, ananyamula Bwanamkubwa ndi supuni yake yomwe, n'kupita kugalimoto. Amuna awo anadzuka kukatseka geti, ndipo adokotala analowa m'nyumba kukatola nsapato.